Kuonera ndi kujambula mbalame kumapeto kwa dzinja

Chimanga chikamasula ngayaye, ana n'kuyamba kuotcha mondokwa, lawirirani kudambo lapafupi ndi kwanu mukaime phee. Muona kambalame kofiira psuu ngati khala lamoto katatera pansonga ya bango, katadzitukumula, kakulira ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya. Mukadzabweranso pomwepo mu Julayi simudzakazindikira. Kusamuka sikasamuka ayi, koma kadzakhala katavula zofiirazo n'kuvala nthenga zotuwa zofanana ndi za kakakazi, moti mudzangoti ndi mpheta wamba.

N'chifukwa chake aliyense wofuna kuyamba kuonera mbalame ndimamuuza kuti ayambe mu Febuluwale kapena mu Malichi. Okonda nyama zikuluzikulu amadikira chilimwe, tchire litapsa, njovu zitaunjikana kumadzi. Kwa mbalame, nyengo yonona ndi ino. Zamphongo zavala zaukwati, ana atuluka m'zisa, ziwala ndi njere za udzu zili mbwee, ndipo zochokera ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto kwa Africa zikadali nafe, zikudya kuti zinenepe zisananyamuke. M'Malawi muno mwapezeka mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo dzinja ndi pamene yambiri mwa iyo imapezeka nthawi imodzi. Zovuta zake n'zodziwika: matope, udzu wofika m'khosi, udzudzu, ndi mvula yobwera mosagogoda.

1. Sankhani malo amodzi, apafupi

Musayambe ndi kuwerengera ndalama za ulendo wa ku Nyika. Pezani malo oti mungafikeko wapansi kapena pakabaza m'mphindi 20, n'kumabwererako sabata ndi sabata. Abwino ndi pamene zinthu ziwiri zachita malire: munda ndi tchire, dambo ndi mitengo, dziwe ndi bango. M'malire motere mbalame zimachuluka, komanso zimaoneka msanga kusiyana ndi m'nkhalango yowirira momwe mumangomva mawu okha. Mkuyu kapena kachere wobala zipatso ndi chuma. Khalani pansi pake ola limodzi, apumbwa ndi nkhulukulu azibwera okha. Mawaya amagetsi odutsa m'minda, damu la pasukulu kapena la paesiteti, ngakhale maiwe otayirako zonyansa za m'tauni, konseko kuli mbalame. Kumaiweko fungo lake lokha ndiye lofuna kulimba mtima.

Ku Lilongwe kuli nkhalango ya m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, m'kati mwenimweni mwa mzinda. A ku Blantyre muli ndi phiri la Michiru, a ku Zomba muli ndi munda wa zomera wa m'mbali mwa Mulunguzi.

Ndikulimbikira za malo amodzi pachifukwa ichi: mbalame zili ngati ogulitsa pamsika, aliyense ali ndi benchi lake. Nthengu imene mwaiona lero pachitsa mudzaipeza pomwepo mawa. Mukapita kanayi kapena kasanu mumadziwa nthambi imene wina amakonda, nthawi imene amafika, ndi mbali imene dzuwa limachokera. Zithunzi zabwino zambiri zimachokera pamenepa, osati pa kukwera mtengo kwa kamera.

2. Zonyamula

Choyamba kugula ndi magalasi oonera patali, amene ambiri timangoti ma binoculars. Kamera ibwere pambuyo. Pa ma binoculars pamalembedwa manambala awiri, monga 8x42. Yoyambayo ikunena kuti chinthu chayandikitsidwa kangati, yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Kwa woyamba kumene, 8x42 kapena 8x32 ndiwo abwino: sanjenjemera kwambiri m'manja, amaonetsa malo aakulu, ndipo pamthunzi amawala bwino. Aja apamsika olembedwa manambala oopsa ngati 60x60 asiyeni. Musanalipire, yang'anani nawo waya wamagetsi kapena denga lakutali. Mukaona zinthu ziwiriziwiri ndiye kuti magalasi anasemphana m'kati, ndipo azingokupweteketsani mutu.

Maso a munthu salingana mphamvu, choncho akonzeni kamodzi kuti agwirizane ndi anu. Phimbani galasi lakumanja, muzungulize kagudumu kapakati mpaka diso lamanzere lione bwino. Kenako phimbani lakumanzere, muzungulize kamkombero ka pa diso lamanja mpaka nakonso kuyere. Mukatero kamkomberoko musakagwirenso.

Zovala zikhale zosawala: zotuwa, zakhaki, zobiriwira mozimirira. Malaya oyera amaoneka kutsidya kwa dambo. Kumalo a kashembe, monga ku Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza, pewani zabuluu ndi zakuda chifukwa zimamukopa. Valani buluku lalitali ndi gambuti, poti mame a m'mawa amanyowetsa ngati mwawoloka mtsinje, ndiponso njoka m'udzu wautali siioneka. Tengani jumbo yokhuthala yokutira kamera mvula ikayamba, madzi akumwa, mafuta othamangitsa udzudzu, kope laling'ono ndi pensulo. Bolopeni imakana papepala lonyowa.

Pa za buku la mbalame, chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mabuku ambiri ochokera ku South Africa amalekezera pamtsinje wa Zambezi, moti mbalame zina za kwathu kuno mulibemo. Funani lonena za mbalame za mu Africa yense wa kumwera kwa Sahara, kapena lotchula Malawi ndi Zambia. Pafoni pali Merlin, pulogalamu yaulere ya Cornell Lab of Ornithology. Ikani mbalame za dera lathu mukadali pamalo a netiweki yabwino kuti izigwira ntchito ngakhale kutchire. Imathandiza, koma ikatchula dzina musangovomera. Yerekezani ndi zimene maso anu aona.

3. Lonjerani eni malo

Munthu wonyamula chinthu chachitali chakuda, woyenda monyang'ama m'mbali mwa minda ya eni m'bandakucha, nthawi imene dowe wakhwima, asadabwe akamuyesa wakuba. Kwina amuganizira zoposa pamenepo. Tikukumbuka mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndi zimene zinaonekera anthu osalakwa. Choncho m'mudzi uliwonse umene si wanu, yambani mwakaonekera kwa amfumu kapena kwa mwini munda. Mawu ake si ambiri: “Odi kuno! Mwadzuka bwanji, agogo? Ine ndine mlendo wanu, ndimaphunzira za mbalame. Ndimati mundilole ndiyende nawo m'mbali mwa dimba lanuli, sindithyola kanthu.” Kenako apatseni ma binoculars aoneremo okha. Ndaonapo agogo akuseka mpaka misozi ataona khwangwala ali pamphuno penipeni, ndipo kuyambira pamenepo ndi iwowo amene amakulozerani mtengo umene nantchengwa anamangapo chimchisa chake.

Kumanda musalowe. N'zoona kuti m'madera ambiri a m'chigawo chapakati mitengo ikuluikulu yachilengedwe inatsala kumanda kokha, ndipo mbalame zimasokosera momwemo. Koma ndi malo a eni, kwina ndi dambwe, ndipo mlandu wake si wa nkhuku imodzi. Imani kunja mujambule zotera m'nthambi za m'mphepete. Pafupi ndi kwa asilikali, nyumba za boma zotetezedwa ndi pabwalo la ndege, kamera ikhale m'chikwama.

4. Lawirirani, ndipo yendani ngati mulibe nazo ntchito

Miyezi ino dzuwa limatuluka cha m'ma 5:45. Lizikupezani mutafika kale. Maola atatu oyambirira ndiwo aphindu. Ikamakwana 9 koloko kwatentha, zambiri zalowa m'masamba. Masana ndi a ziwombankhanga ndi adokowe, amene amadikira mpweya wotentha wokwera kumwamba kuti uwanyamule osakupiza mapiko. Kuyambira 4 koloko madzulo tchire limadzukanso. Koma nthawi imene ine ndimaikonda koposa ndi pamene mvula yangokata, dzuwa n'kutulukanso. Mbalame zimakwera pansonga kukawothera ndi kukonza nthenga, ndipo ngati ngumbi zatuluka mumaona mitundu yambirimbiri ikulimbirana pachulu chimodzi, kuyambira anamzeze mpaka akabawi.

Mbalame za kumudzi zinakulira pakati pa malegeni ndi ulimbo, ndiye mkono ukangokwera mwadzidzidzi zapita. Musalunjike pamene yatera. Yendani chammbali ngati mukupita kwina, mapazi angapo n'kuima. Ikasiya kudya n'kutukula khosi, imani pomwepo. Ikayambiranso kudya, senderani. Mukaona yawerama pang'ono n'kutaya chitosi, kawirikawiri ndiye kuti yatsala pang'ono kuuluka. Pouza mnzanu musaloze ndi chala, ingonong'onani: “Mthethe uwo, nthambi yam'munsi, kumanzere.”

Pokweza ma binoculars, maso asachoke pa mbalame. Abweretseni kumaso muli chiyang'anire. Mukayang'ana pansi kuti muwagwire, pobwerera mupeza masamba okhaokha.

Kuposa zonsezi ndi kukhala pansi. Tsamirani mtengo, dzuwa likhale kumsana kwanu, mukhale mphindi 15 osagwedera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kutchire mawuwa ndi enieni: pakapita kanthawi tchire limakuiwalani, timba n'kudzatera pafupi moti mungamugwire.

5. Izindikireni musanaijambule

Woyamba kumene amathamangira mtundu wa nthenga. Mtunduwo uzikhala womalizira, chifukwa kuwala kumanamiza, komanso nyengo ino kwadzaza ana ndi zazikazi zotuwa zofanana zokhazokha. Yambani ndi msinkhu, poyerekeza ndi zimene mukuzidziwa kale: ngati timba, ngati pumbwa, ngati njiwa, ngati khwangwala kapena ngati nkhanga? Kenako mlomo. Waufupi wokhuthala ndi woswera njere, wowonda wokhota ngati wa choso ndi woyamwira timadzi ta m'maluwa, wosongoka ngati mkondo wa kakowa ndi wobayira nsomba ndi achule, wangowe ndi wong'ambira nyama. Onani mchira, miyendo, ndi zimene ikuchita: ikudumpha kapena ikuyenda, ikukwera thunthu ngati gogomole, kapena ikuuluka kukagwira kachilombo n'kubwerera panthambi yomweyo? Lembani zonsezi m'kope, ndi kaliridwe kake m'mawu anuanu, musanatsegule buku. Mukayamba ndi buku, maso amayamba kuona zimene zajambulidwamo m'malo mwa zimene zili mumtengo.

Funsaninso achikulire dzina lake m'chinenero cha kumaloko, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena, mulembe pambali pa la m'buku. Mupeza kuti dzina limodzi, monga mpheta, limakuta mitundu yambiri, pamene zina zili ndi mayina amene ana amasiku ano sanawamvepo.

6. Zofunika kuzisaka miyezi ino

Yambani ndi atchete, poti sabisala. Pezani mtengo woweramira pamadzi kapena nsungwi zolendewera zisa zawo. Woluka ndi wamphongo: amang'amba tsamba laliwisi la udzu kapena bango, n'kuyamba ndi mkombero, kenako chipinda. Akamaliza amalendewera chadodolido kunsi kwa chisa, akukupiza mapiko ndi kulongolola, kuitana wamkazi adzayendere nyumba. Chisa chikauma n'kutuwa popanda wochilowa, mwini wake amachiphwasula yekha n'kuyambanso china. Pamtengo wotere mutha kutherapo m'mawa wonse. Tcherani khutu: mukamva kulira kokwera kobwerezabwereza kwa “di-di-di-diderik”, ameneyo ndi diederik cuckoo, wobiriwira monyezimira kumsana, woyera kumimba. Samanga chisa. Wamkazi wake amazembera chisa cha tchete n'kuikiramo dzira, eni nyumba n'kulera mwana wa mlendo. N'chifukwa chake atchete akangomuona amamuthamangitsa ndi ukali wonse.

M'madambo ndi m'minda ya mpunga muli tofiira tija, timene mabuku amatitcha bishop. Tilipo tina takuda ndi chikasu kumsana. M'udzu wautali muona red-collared widowbird, wakuda bii, wa mchira wautali ndi kamzere kofiira pakhosi, akuuluka pang'onopang'ono pamwamba pa udzu ngati mchirawo ukumulemera. Pabwalo la sukulu kapena pakhomo panu penipeni pangabwere pin-tailed whydah, wakuda ndi woyera, wa mlomo wofiira ndi nthenga zinayi zazitali kumchira. Ndi kamwano koopsa, kamathamangitsa ngakhale njiwa, ndipo kamavinira kakakazi m'malere, kakudumphadumpha pamalo amodzi. Nakonso sikalera ana, kamaikira m'zisa za timbalame tina ta njere. Ubwino wa zonsezi kwa wojambula ndi woti yamphongo iliyonse ili ndi mapesi ake awiri kapena atatu amene imabwererapo tsiku lonse.

Tsono za alendo. Anamzeze si onse a konkuno. Aja ofiirira kummero, a kamkanda kakuda pachifuwa, ondandalika pamawaya mazanamazana, ndi barn swallow, ndipo amaswana ku Ulaya ndi ku Asia. Pofika Malichi amakhala atasintha nthenga, akunyezimira, michira itatalika. Madzulo kaimeni pafupi ndi mabango aakulu muone akutsikiramo kukagona ngati utsi. Omanga chisa chadothi pansi pa mlatho kapena pakhonde panu ndi amitundu ina, a muno mu Africa.

European bee-eater mumayamba kumumva musanamuone: gulu likudutsa m'mwamba, likulira mofewa ngati wenzulo yonyowa. Akatera pawaya muona khosi lachikasu, msana wofiirira ndi mimba yabuluu. Kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo magulu awo amadutsa kulowera kumpoto. M'minda ndi m'mabwalo a mpira mumatera adokowe akuda a mimba yoyera, Abdim's stork, amene amaswana kumpoto kwa equator, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, n'kutsika kuno ndi mvula. Mlimi asawathamangitse: akutola ziwala ndi ntchemberezandonda. Ndipo mukaona timphamba tating'ono tambiri pamawaya, tamphongo totuwa ngati phulusa, ta miyendo yofiira, imani muvule chipewa. Ndi Amur falcon. Kambalame kosafika ngakhale magalamu 200 kamachokera kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kudutsa ku India, n'kuwoloka nyanja ya Indian Ocean kuti kadzadye ngumbi ndi ziwala za kuno.

Kumadzi, yang'anani pamasamba a kakombo. African jacana amayenda pamenepo ndi zala zake zazitali ngati akuyenda pabwalo. Kwa iyeyu wofungatira mazira ndi kulera ana ndi bambo, ndipo pakachitika choopsa amawapanira m'mapiko, timiyendo tokha tikulendewera. Nkhwazi sifunika kuifotokoza kwa Mmalawi, ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Dziwani chabe kuti mukaona ziwiri pamtengo, yaikuluyo ndi yaikazi.

7. Kujambula

Ngati muli ndi foni yokha, musatambasule chithunzi ndi zala kuti muyandikitse mbalame, chimangophwanyika. Gunditsani diso la kamera ya foni pa diso limodzi la ma binoculars, mutawatsamiritsa pachitsa, pampanda kapena pawindo la galimoto. Poyamba muona mdima wozungulira. Sunthani foni pang'onopang'ono mpaka kuwala kudzaze. Zimafuna kuyeserera kunyumba, pa nkhuku ndi nkhunda. Njirayi imagwira pa zokhazikika monga kakowa, nkhwazi ndi zisa za atchete. Foni ndi yabwinonso pojambula mawu ndi kavidiyo, zimene nthawi zina zimathandiza kuzindikira mbalame kuposa chithunzi.

Wofuna kugula kamera ndi ndalama zochepa aganizire za makamera a lenzi yosachotsa koma ya zoom yaitali, monga Nikon P900 kapena Canon SX70. Pakuwala kwabwino amachita zodabwitsa, pamdima ndi pa mbalame youluka amavutika. Pa makamera osintha lenzi, 300mm ndiye poyambira, 400mm kapena kuposa ndiye bwino. Kumbukirani kuti lenzi yaitali ili ndi malire a kufupi: mbalame ikatera pauta siilasika, ndipo ikatera pa mita imodzi kuchokera pamene muli, focus ikana, ndiye kuti chithunzi sichioneka bwino. Zikatero tsitsani kamera muzingoionera.

Makonzedwe ake ndi awa. Chimene chimawononga zithunzi zambiri ndi kugwedera, choncho yambani ndi shutter speed, kanthawi kamene kamera imatsegukira kuwala pojambula. Pa mbalame yotera musatsike pansi pa 1/500 ya sekondi. Pa timbalame tosakhazikika ikani 1/1000. Pa youluka 1/2000 kapena kuposa. Aperture, kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi, ikhale yotseguka, f/5.6 mpaka f/8. ISO, imene imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, isiyeni pa auto, ndipo musaope ikakwera kukachita mitambo. Chithunzi cha timadontho tobwera ndi ISO yokwera chimakonzeka pakompyuta, chogwedera sichikonzeka. Sankhani kadontho kamodzi ka focus, kapena kotsata diso la mbalame ngati kamera yanu ili nako, chifukwa m'nyengo ino ya masamba ambiri kamera ikasankha yokha imagwira udzu wakutsogolo. Lozani diso. Diso likaoneka bwino, mchira ngakhale uzimirire palibe adandaule. Ikani kamera pojambula motsatizana, muzitenga zinayi kapena zisanu nthawi imodzi. Chimodzi mwa izo mutu udzakhala utatembenukira kwa inu.

Kamera imanamizidwa ndi zoyera ndi zakuda. Kakowa kapena mutu wa nkhwazi padzuwa umayera mbee mpaka nthenga kusowa, ndiye tsitsani exposure, kuwala kwa chithunzi chonse, ndi 1. Nthengu kapena kabawi kumwamba kwa mitambo yoyera amangoda bii, ndiye ikwezeni ndi 1 kapena kuposa. Mukatha bwezerani pa 0, chifukwa kuiwala pamenepa kwalirisa ambiri.

Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, chithunzithunzi chanu chiloze kumene kuli mbalame. Tsikani mufanane nayo msinkhu. Ya pansi kapena pamadzi, gwadani kapena gonani chafufumimba, zovala zidzachapidwa. Musanadine, onani zimene zili kumbuyo kwake. Kusuntha phazi limodzi kumachotsa nthambi yotuluka m'mutu mwa mbalame, n'kuika m'malo mwake chimanga chobiriwira chakutali. Mphatso yaikulu ya dzinja ndi imeneyi, pamodzi ndi mitambo yakuda ya mvula: kakowa woyera akamadutsa kutsogolo kwa mtambo wotere dzuwa likumuwomba, simufunanso china.

Njira yogwira kwambiri ndi yosiya kuthamangitsa. Onani phesi limene bishop akubwererapo, khalani pansi potalikira mamita asanu kapena asanu ndi limodzi iye atachoka, konzerani focus paphesipo, mudikire. Abwera. Galimoto nayo ndi chobisalira chabwino, poti mbalame siziiopa ngati munthu woyenda. Zimitsani injini kuti isanjenjemeretse, muike kathumba ka nyemba kapena ka mpunga pawindo, lenzi igone pamenepo.

8. Pachisa

Ino ndi nyengo yoswana, ndiye apa pafunika mtima. Musathyole masamba ophimba chisa kuti chioneke bwino, chifukwa mukutsegulira khwangwala, njoka ndi dzuwa. Kholo likamazungulira ndi chakudya kukamwa osalowa, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo. Kuliza mawu a mbalame pafoni kuti ituluke kumaichotsa pamazira kukamenyana ndi mdani yemwe kulibe. Miyezi ino kusiyeni.

Ana a m'mudzi adzakutsatirani, ena malegeni ali m'khosi. Musawakalipire, koma musawaonetse chisa, ndiponso musagule mwana wa mbalame amene akubweretserani, ngakhale mwa chisoni, chifukwa mawa abweretsa atatu. Abwerekeni ma binoculars, muwafunse mayina. Ambiri a iwo amadziwa tchire kuposa inu ndi ine. Poika chithunzi cha kadzidzi pa Facebook kapena pa WhatsApp musatchule mtengo umene amagona. Alipo ambiri amene amamuona ngati mthenga wa maliro, ndipo akamupeza amamugenda, chonsecho usiku wonse amakhala akutithera makoswe.

9. Mukafuna kupita patali

Mukazolowera za kwanu, Liwonde ndiye poyambira. Pakiyi yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2015. M'dzinja misewu ina ya m'kati imatsekeka ndi matope, koma bwato la pa Shire limakufikitsani pafupi ndi mbalame kuposa galimoto. Kumeneko funsani okuperekezani za Böhm's bee-eater, za Lilian's lovebird, tizinkhwe tobiriwira ta m'mitengo ya tsanya, ndi za Pel's fishing owl, kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba. Mphepete mwa madzi musayende nokha, ng'ona ndi mvuu sizidziwa kuti mwabwerera mbalame.

Nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje ndi malo athu awiri a mbalame zam'madzi olembedwa pa Ramsar, mgwirizano wa maiko woteteza madambo, lachiwirili kuyambira 2017. Konseko mumayenda pabwato, ndipo m'madzi osayenda musaviike miyendo chifukwa cha likodzo. Paphiri la Zomba, Malosa ndi Mulanje pali yellow-throated apalis, kambalame kosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'Malawi. Ku Nyika, blue swallow amaswana m'dzinja n'kunyamuka cha mu Epulo kulowera kumadera ozungulira nyanja ya Victoria, choncho Malichi ndi mwayi womaliza. Dzalanyama, kufupi ndi Lilongwe, ndi kwa mbalame za m'miombo monga Stierling's woodpecker, koma msewu wake m'dzinja umafuna galimoto yamphamvu.

Musananyamuke imbani foni kumene mukupitako mufunse za msewu, ndipo mverani zimene a nthambi yoona zanyengo akulengeza. Namondwe wa Freddy anagwa mu Malichi 2023. Kukalengezedwa mvula yamphamvu, kumapiri ndi kuchigwa cha Shire musapiteko.

10. Mukafika kunyumba

Tulutsani zonse m'chikwama nthawi yomweyo. Ine ndinaphunzira mowawa: ndinasiya kamera m'chikwama chonyowa, m'kabati, masabata awiri, ndipo potsegula ndinapeza chuku chitayala m'kati mwa lenzi ngati ukonde wa kangaude. Pukutani ndi kansalu kofewa, muziike pamalo opita mphepo, kenako muzisunge m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Tchajani mabatire magetsi akadalipo, ndipo zithunzi zisamukire pakompyuta kapena pena memory card isanadzaze.

Pofufuta musamve chisoni, koma chithunzi choipa cha mbalame imene simunaizindikire chisungeni, ndi umboni. Pokonza, dulani m'mbali, musiye mpata kutsogolo kumene mbalame yayang'ana, ndipo musawonjezere mitundu mpaka pumbwa kuoneka ngati chinkhwe.

Kenako lembani mndandanda wa tsikulo: deti, malo, nthawi, mitundu ndi chiwerengero chake. Mukauika pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene mwaona, umathandiza ofufuza, chifukwa madera ambiri a dziko lino alibe wowalembera. Ofuna anzawo oyenda nawo afunse ku Wildlife and Environmental Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1947 ndipo lili ndi nthambi m'mizinda ndi makalabu m'sukulu.

M'kope lanu siyani tsamba limodzi la alendo okhaokha. Kuyambira pakati pa Malichi, tsiku lililonse mukaona barn swallow, European bee-eater kapena Abdim's stork, lembani deti. Tsiku lina mu Epulo mudzayang'ana pawaya paja n'kupeza pali njiwa yokha, ndipo deti lomaliza m'kopemo ndilo mudzaliyerekeze ndi la chaka chamawa.